Adafunsa munda, adaiwala mtondo

Mbewu, mjigo kapena mbaula isanapangidwe pamakhala ntchito yosaoneka: kudziwa chimene anthu akusowa ndi kuchilemba m'njira yoti chiyesedwe. Mbiri ya chimanga ndi ya madzi m'chigawo chathu ikuonetsa chimene chimatayika ntchitoyi ikalumphidwa.

Kwa zaka zambiri akatswiri a zaulimi ku Malawi adali ndi funso limene lidawazunguza mitu. Mbewu ya chimanga cha haibridi idalipo, ndipo m'minda yoyeserera inkabereka kuposa chimanga cha makolo. Alangizi adayenda mudzi ndi mudzi, wailesi idalengeza, ngongole ya mbewu ndi feteleza idaperekedwa kudzera m'makalabu a alimi. Koma kufikira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, malo odzalidwa haibridi sankafika ngakhale gawo limodzi mwa magawo 10 a minda yonse ya chimanga m'dzikolo. Pa nthawi yomweyo ku Zimbabwe, kumene mbewu yotchuka ya SR52 idatulukira mu 1960, alimi ang'onoang'ono ambiri adali atazolowera kale mitundu ya haibridi monga R201 ndi R215.

Kudali kosavuta kunena kuti mlimi wa ku Malawi safuna kusintha. Umphawi nawo udalipo ndithu, pakuti mbewu ya haibridi imagulidwa chaka ndi chaka ndipo imafuna feteleza. Komatu mbali ina yaikulu ya yankho idali pamalo pamene woyeza zokolola sankafikapo: kuseri kwa nyumba, pa mtondo.

Nsima imene mabanja ambiri ku Malawi amaikonda ndi ya ufa woyera. Kuti ufawo upezeke, mayi amakonola chimanga, kupeta kuti gaga achoke, kuviika mphale m'madzi kwa masiku angapo, kuiyanika, kenako kusinja kapena kupita nayo ku chigayo. Chimanga cha makolo chili ndi njere yolimba. Munsi ukagunda, khungu limasupuka koma njereyo imatsala yathunthu kapena kungosweka pawiri. Mitundu ya haibridi ya nthawi imeneyo, monga MH12 ndi MH16, idali ya njere yofewa, ija yokhala ndi kadzenje pamutu. Mumtondo inkanyenyeka, ndipo ufa wambiri unkapita limodzi ndi gaga palichero. M'nkhokwe namo zinthu sizinkayenda bwino. Anankafumbwe ankaboola njere yofewayo msanga, pamene chimanga cha makolo, cholimba ndiponso chofunda makoko mpaka kunsonga, chinkapirira kufikira miyezi ya njala.

Choncho mlimi amene adadzala haibridi adaiona monga amaonera thonje kapena fodya: mbewu yokagulitsa ku ADMARC. Chakudya cha banja chidakhalabe cha makolo. Mlimiyo sadalakwitse masamu. Katswiri ankayeza pa tsiku lokolola, banja linkayeza mumphika wa mu Januwale. Onse ankanena zoona, kungoti sikelo zawo zidapachikidwa pamalo osiyana.

Si kuti padalibe katswiri wodziwa zoti Amalawi amakonda chimanga cholimba. Nkhaniyi inkadziwika. Chimene chidavuta n'chakuti kulimba kwa njere sikudali pamwamba pa mndandanda wa zimene mbewu yatsopano iyenera kukwaniritsa isanatulutsidwe. Pamene akatswiri a ku Chitedze, mogwirizana ndi bungwe la CIMMYT, adaika mfundoyi patsogolo, zipatso sizidachedwe. Mu 1990 adatulutsa MH17 ndi MH18, mitundu yobereka ngati haibridi koma yokonoleka moyandikira chimanga cha makolo. Kafukufuku amene Melinda Smale ndi anzake adachita m'midzi m'zaka zomwezo adatsimikiza kuti kakonoledwe ndi kasungidwe zinkalamula kwambiri chimene banja lidzale. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 malo a haibridi adakwera kufika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi. Ngongole ya feteleza idathandizirapo, ndipo pamene ngongoleyo idagwa cha m'ma 1994 zinthu zidabwereranso m'mbuyo, koma zoti mlimi safuna kusintha zidali zitatsutsika.

Nkhaniyi si ya akatswiri a mbewu okha. Midzi yathu imalandira zipangizo zatsopano chaka ndi chaka: mbaula zosatha nkhuni, mapampu opalasa ndi miyendo, matumba osalowa mpweya osungiramo chimanga, makina oswera mtedza, nyali za dzuwa, ngakhale mauthenga a ulimi a pa foni. Chilichonse mwa izi chidapangidwa ndi munthu amene m'mutu mwake mudali chithunzi cha wodzachigwiritsa ntchito. Chithunzicho chimachokera kwa ndani? Kawirikawiri chimachokera kwa mlangizi, kwa wogwira ntchito zachitukuko kapena kwa mlembi wa kalabu amene adatumidwa kukafunsa anthu. Ngati maso amenewa aona mwachidule, wopangayo adzapanga chinthu chokongola cha mudzi umene kulibe.

Funso loti "mukufuna chiyani?" silikwanira

Njira imene ambirife tidaizolowera ndi ya msonkhano. Mfumu imamema anthu, alendo amakhala pa mipando, funso n'kuponyedwa: kodi mudzi uno ukusowa chiyani? Msonkhano wotere uli ndi malo ake, chifukwa palibe chitukuko cholowa m'mudzi mozemba mfumu. Koma ngati njira yodziwira zosowa, ndi dengu lobowoka. Amalankhula ndi amene adazolowera kulankhula. Mayi wodzuka m'bandakucha kukatunga madzi amakhala kumbuyo pa mphasa, ndipo mwina sadabwere n'komwe chifukwa ali ku dimba. Kuwonjezera apo, mwambo wathu sulola kunyoza mphatso pamaso pa mlendo. Mukaonetsa anthu mbaula n'kufunsa ngati ili yabwino, adzaomba m'manja, ndipo wolemba kuomba m'manjako ngati umboni wadzinamiza yekha.

Palinso vuto lina. Anthu akafunsidwa zimene akufuna, amatchula chinthu chimene adachionapo kwina. "Tikufuna chigayo" ndi yankho, koma funso lake silidadziwike. Kodi chovuta ndi mtunda wopita ku chigayo chimene chilipo, mtengo wogayitsira, mzere wa tsiku la msika, kapena kuzimazima kwa magetsi? Nthenda iliyonse mwa izi ili ndi mankhwala ake, ndipo zina sizifuna chigayo chatsopano. Wofufuza wabwino akamva dzina la chipangizo amabwerera m'mbuyo, funso ndi funso, kufikira atapeza ntchito imene ikuwawa.

Mu 1983 Robert Chambers, wa ku Institute of Development Studies ku Sussex m'dziko la Britain, adafotokoza momwe alendo a chitukuko amasokerera osadziwa. Amayendera midzi ya m'mbali mwa msewu wa phula, amapita kumene kuli kale pulojekiti, amacheza ndi abambo ndi anthu opezako bwino, ndipo amabwera m'chilimwe pamene misewu ikupitika. Chomalizachi chimatikhudza kwambiri. Mbaula yoyesedwa mu Ogasiti ndi nkhuni zouma gwa idzakumana ndi nkhuni zonyowa mu Febuluwale, mwezi umenenso mayi alibe nthawi chifukwa cha kupalira ndi ganyu, ndipo m'thumba mulibe kanthu.

Nanga tichite bwanji? Chachikulu ndi kutsata ntchito yonse ndi maso, kuyambira poyamba mpaka pothera. Chimanga chikadatsatidwa kuchoka ku munda kulowa m'nkhokwe, mumtondo, mumphika mpaka m'mbale, zaka sizikadatayika. Wofuna kupanga mbaula akhale m'khitchini kuyambira posonkha moto mpaka popakula. Adzaona kuti kuphika nsima n'kosiyana ndi kuwiritsa madzi: povundula mthiko umafuna mphamvu, ndipo mphika uyenera kukhazikika osagwedezeka. Adzaonanso kuti moto wa pa mafuwa umagwira ntchito zina zimene palibe amazitchula, monga kuotha mu Juni, kuotcha chimanga ndi mbatata, kuunikira usiku ndi kufukiza mbewu yopachikidwa kudenga. Mayi sadzanena zimenezi pa msonkhano chifukwa kwa iye n'zachidziwikire. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsiku limodzi lokhala phee pa khonde limaphunzitsa zimene mulu wa mafomu sungaphunzitse.

Pofunsa, funsani za dzulo osati za mawa. Funso loti "Kodi mungagule thumba lotere?" limabala yankho laulemu. Funso loti "Chaka chatha chimanga chanu chidayamba kufumbwa mwezi uti, ndipo mudatani?" limabala mbiri yonse, pamodzi ndi mtengo wa mankhwala amene adagulidwa ndi matumba amene adatayika. Yang'ananinso zinthu zimene anthu adazisintha okha kapena kuzisiya. Khasu lofupikitsidwa mpini, njinga yowotcheredwa kaliyala wamkulu, mbaula ya pulojekiti yakale imene nkhuku ikuikiramo mazira, zonsezi ndi makalata opita kwa wopanga, ongosowa wowerenga.

Dziwaninso kuti chipangizo chimodzi chimakhala ndi eni ake angapo. Pali wogula, wogwiritsa ntchito, wokonza chikawonongeka, ndi wolipira pokonzapo. Nthawi zambiri amenewa ndi anthu osiyana ndipo zofuna zawo zimasemphana. Pa chimanga paja bambo ndiye ankalankhula ndi mlangizi, mayi ndiye ankagwira munsi. Chezani nawo padera, amayi paokha, achinyamata paokha, osaiwala okalamba ndi olumala. Gulu likatchula zimene limayang'ana pa mbewu, monga kucha msanga, kukoma, kukonoleka, kupirira ng'amba ndi mtengo wa pa msika, jambulani mizere pansi n'kupatsa munthu aliyense njere 20 za nyemba kuti azigawe malinga ndi kulemera kwa mfundo iliyonse. Njere zikachepa munthu amakakamizika kusankha. Mkangano umene umabuka pogawapo ngwamtengo wapatali kuposa chiwerengero chomaliza, choncho lembani zimene akukanganazo.

Munda wa mayi ndi minda ya ana

Ngakhale mutafunsa mwaluso chotani, zosowa zina zimaoneka pokhapokha chinthu chili m'manja mwa mwini ntchito. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 Sieglinde Snapp, katswiri wa za nthaka amene ankagwira ntchito ku Malawi, adakonza njira yoyesera imene idatchedwa ya mayi ndi ana. Pakati pa mudzi pamakhala munda umodzi, mayi, mmene zonse zoyesedwa zimadzalidwa mobwereza motsata malamulo a kafukufuku. Kenako alimi ambiri ozungulira amatenga zitatu kapena zinayi zokha n'kukaziyesa m'minda mwawo, ndi khasu lawo, nthawi yawo ndi mavuto awo. Minda imeneyi ndiyo ana. Munda wa mayi umayankha funso la katswiri, minda ya ana imayankha funso la banja.

Poyesa mbewu za gulu la nyemba zobwezeretsa chonde, kalongonda adaonetsa mphamvu: masamba ndi ambiri, ndipo chimanga chodzalidwa pambuyo pake chimabereka bwino. Koma alimi ambiri posankha adatsamira kwa nandolo ndi mtedza, makamaka podzala ziwirizi pamodzi. Chifukwa chake sichovuta kuchimvetsa kwa amene adakhalapo ndi munda wosakwana hekitala imodzi. Banja lotere silingapereke gawo la munda chaka chathunthu ku mbewu yosowa msika, imenenso kuti idyeke imafuna kuphikidwa nthawi yaitali ndi kutayidwa madzi kangapo. Ku Ekwendeni, kumene ntchito yofanana nayo idayamba mu 2000 pofuna kuchepetsa kunyentchera kwa ana, alimi adasankha chimodzimodzi. Akatswiri adabwera ndi mfundo yoti mbewu iwonjezere chonde. Alimi adaiwonjezera mawu: iwonjezere chonde, koma ana adye chaka chomwecho. Pambuyo pake bungwe la CIMMYT lidagwiritsa ntchito njira ya mayi ndi ana m'maiko angapo a kummwera kwa Africa poyesa chimanga chopirira chilala monga ZM521.

Kusandutsa dandaulo kukhala muyezo

Kudziwa chosowa ndi theka la ulendo. Theka linalo ndi kuchilemba m'mawu oti mmisiri akhoza kupangira chinthu, ndipo munthu wina akhoza kuyesa n'kunena kuti chakwanitsa kapena chalephera. Chitsanzo chabwino ndi mjigo umene ambirife timapopa tsiku ndi tsiku osadziwa mbiri yake.

M'zaka za m'ma 1970 mijigo yambiri mu Africa ndi ku Asia inkangokhala yakufa. Dandaulo la anthu lidali limodzi: mjigo ukuwonongeka. Yankho lobwera msanga m'mutu n'lakuti upangidwe wolimba. Mjigo wa India Mark II, wopangidwa ku India m'zaka zomwezo mothandizidwa ndi UNICEF, udalidi wolimba. Koma kuti kamphira kakang'ono ka pansi pa chitsime kasinthidwe, pankafunika kuzula mapaipi onse achitsulo, olemera zedi, ntchito ya amisiri okhala ndi zida zapadera amene kawirikawiri ankachokera ku boma pa galimoto. Mudzi unkadikira milungu kapena miyezi, anthu n'kubwerera ku mtsinje ndi ku matenda otsekula m'mimba.

Mu 1981 mabungwe a UNDP ndi World Bank adayamba ntchito yaikulu yoyesa mijigo. Idayesedwa mijigo pafupifupi 2,700 ya mitundu 70 m'maiko 17, ndipo lipoti lake lidatuluka mu 1987. Phunziro lake lalikulu lidali lokhudza funso lenilenilo. Chimene mudzi ukusowa si mjigo wosawonongeka, pakuti wotero kulibe, koma madzi masiku ochuluka pa chaka. Mjigo wowonongeka kamodzi n'kukhala miyezi itatu ukudikira mmisiri umaposedwa kutali ndi wowonongeka kanayi koma wokonzedwa tsiku lomwelo. Apa ndi pamene padachokera mfundo yotchedwa VLOM mwachidule, yoti mjigo ukhale woti eni mudzi auyendetse ndi kuukonza okha.

Malawi ali pa chiyambi cha nkhaniyi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, pa ntchito ya madzi ya m'chigwa cha Livulezi m'boma la Ntcheu, padagwiritsidwa ntchito mjigo wotchedwa Maldev. Ntchito youkonza idapitirira ku Kenya, kumene udayesedwa m'midzi ya ku Kwale, ndipo udatuluka ndi dzina loti Afridev. Mukausuzumira mkati mudzaona kuti mbali iliyonse ikuyankha mfundo yolembedwa. Zida za pansi zimene zimatha msanga zimakwera kudzera m'kati mwa paipi, choncho mapaipi sazulidwa. Ndodo zachitsulo zimakolana ngati mbedza, osafuna chida chomangira. Sipanala imodzi imamasula mutu wonse. Zida zotha msanga n'zapulasitiki ndi mphira, zopepuka zoti n'kulowa m'thumba la malaya. Mapaipi ndi apulasitiki, osachita dzimbiri m'madzi odya chitsulo. Mjigowu umakoka madzi kuchokera pa kuya kwa mamita 45. Ndipo kapangidwe kake sikadakhale chuma cha kampani imodzi: mu 1989 bungwe la SKAT la ku Switzerland lidasindikiza miyezo yake yonse kuti aliyense apange, chida cha fakitale ina n'kulowa bwino mumjigo wa fakitale inzake.

Taonani kusiyana kwa mawu awa. "Mjigo ukhale wosavuta kukonza" ndi khumbo chabe. Wopanga aliyense adzalumbira kuti wake ndi wotero. "Anthu awiri a m'mudzi, amayi kapena abambo, ophunzitsidwa masiku ochepa, athe kusintha mphira ya pansi ndi sipanala imodzi osazula mapaipi" ndi muyezo, chifukwa mukhoza kuitana anthu awiriwo, kuwapatsa sipanala, n'kuona. Muyezo wabwino umanena munthu, umanena malo ndi nyengo, ndipo pamene n'kotheka umakhala ndi nambala. Sutchula chipangizo, umatchula ntchito, kuti mmisiri akhale ndi ufulu wopeza njira imene inu simudaiganize. Pomaliza miyezoyo ipatulidwe: iyi ikasowa chinthucho tichikana, iyi ikakhalapo tidzakondwa koma si yokanira. Kupatulaku kuchitike anthu ali pomwepo, chifukwa kutchipa ndi kulimba zimakokana, ndipo wina ayenera kusankha. Ngati eni mudzi sasankha, adzasankha ndi wa mu ofesi.

Masamu amene adachedwa

Mjigo wina udayenda njira yosiyana. PlayPump idabadwira ku South Africa. Adaipanga ndi Ronnie Stuiver, ndipo Trevor Field, amene adaiona pa chionetsero cha zaulimi mu 1989, ndiye adaifalitsa. Ndi gudumu lalikulu limene ana amalizungulitsa posewera. Likamazungulira, madzi amakwera kulowa m'thanki ya malita 2,500 yokhala pamwamba pa nsanja, ndipo zikwangwani zotsatsa malonda za m'mbali mwa thankiyo zimayenera kulipira zokonzera. Ganizolo lidali lokoma kumva: ana akuseka, madzi akutuluka. Mu 2000 lidapata mphoto ya World Bank. Mu 2006 boma la America pamodzi ndi mabungwe ena, kuphatikizapo Case Foundation, adalonjeza madola 16.4 miliyoni, ndipo cholinga chidali mijigo 4,000 yothandiza anthu 10 miliyoni pofika 2010.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Anthu 10 miliyoni pa mijigo 4,000 ndiye kuti anthu 2,500 pa mjigo umodzi. Munthu mmodzi, ngakhale pa nthawi ya ngozi, amayenera kupeza malita osachepera 15 pa tsiku. Onse pamodzi ndi malita 37,500. Opanga ankati mjigowo umakoka malita 1,400 pa ola. Mukagawa mupeza kuti anawo adayenera kusewera maola pafupifupi 27 pa tsiku, osapuma. Masamu amenewa adalembedwa mu nyuzipepala ya The Guardian mu 2009, ndalama zambiri zitapita kale, chonsecho mwana wa Sitandade 7 akadawachita pa bolodi.

Amene adakayendera mijigoyi, a UNICEF mu 2007 ndi a SKAT ku Mozambique mu 2008, adapeza zimene tsiku limodzi lokhala pa chitsime likadaonetsa. Madzi amafunika kwambiri m'mawa ndi madzulo, pamene ana sakusewera. Choncho amayi ndiwo ankakankha gudumulo, ndipo kwa okalamba ndi oyembekezera idali ntchito yowawa, kwa ena yochititsanso manyazi. M'malo ena PlayPump idaikidwa pochotsa mjigo wamba popanda kufunsa eni ake mokwanira. Ikawonongeka, eni mudzi sankatha kuikonza. Ankadikira amisiri ochokera kutali. Mtengo wake, pafupifupi madola 14,000, ukadagula mijigo wamba ingapo. Bungwe la PlayPumps International lidasiya ntchito mu 2010. Kunena chilungamo, pa sukulu ya ana ambiri pamene madzi ofunika ndi ochepa, chipangizochi chikhoza kuthandiza. Cholakwika chidali kuyamba ndi chipangizo n'kumachifunira mudzi pambuyo.

Masamu otere komiti iliyonse ikhoza kuwachita pansi ndi kamtengo. Mudzi wa anthu 250, aliyense malita 20 pa tsiku, ukufuna malita 5,000, ndiye kuti zidebe 250 za malita 20. Ngati chidebe chilichonse chitenga mphindi ziwiri, kuwerengera kutsuka ndi kusenza, mjigo ukhala pa ntchito maola oposa 8, ndipo ambiri mwa maolawo apanikizana m'mawa ndi madzulo. Pampu yopalasa ndi miyendo siikoka madzi akuya kupitirira mamita 7 kapena kuyandikira pamenepo, choncho yezani chitsime cha m'dimba mu Okutobala musanalembetse. Mbaula iyesedwe ndi mphika weniweni wa banja la anthu 8, osati kapoto ka pa chionetsero.

Nawo mjigo wa Afridev sudathe nkhani yonse. Pepala la miyezo lidasamala za sipanala ndi mphira, koma lidangoyembekezera kuti mphirayo idzapezeka pa golosale yapafupi, kuti komiti idzasonkhetsa ndalama mwezi ndi mwezi, ndi kuti ophunzitsidwa kukonza sadzakwatiwa kumudzi kwina kapena kupita ku tauni. Zonsezi zidali zosowa zenizeni, zongoti sizidali zachitsulo. Wa golosale safuna kumangirira mpamba wake pa katundu wogulidwa kamodzi pa chaka. Mu 2009 bungwe la Rural Water Supply Network lidayerekeza kuti pafupifupi mjigo umodzi mwa itatu iliyonse m'maiko a kummwera kwa chipululu cha Sahara sunkagwira ntchito. N'chifukwa chake ku Malawi ndi ku Zambia kudakhazikitsidwa amisiri a m'dera, oyendera mijigo ya midzi ingapo pa njinga ndi kulipidwa ndi makomiti, pamodzi ndi masitolo osankhidwa ogulitsa zida.

Choncho pamene bungwe kapena wamalonda abwera ndi chipangizo chatsopano, mlembi wa komiti apemphe kuona chida chimene chimayamba kutha, achigwire m'manja, kenako alembe m'kaundula dzina la msika kumene chikugulitsidwa, mtengo wake lero, ndi maola a ulendo wa pa njinga kuchoka m'mudzimo nthawi ya dzinja.